Mphasa ya Apongozi Pansi pa Matabwa

Nyumba yoyamba imene tinachita lendi ku Katete, ine ndi mkazi wanga titangokwatirana, inali fulati ya m'mwamba. Musaganize za mafulati a ku Lusaka ayi. Inali sitolo yakalekale m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo amene anaimanga anaonjezera zipinda ziwiri pamwamba pake, n'kuyala matabwa m'malo mwa simenti. Pansi, chakutsogolo, kunali shopu ya masipeya a njinga, ndipo kumbuyo kwake kunali kachipinda kosungiramo katundu. Ife tinkakwera masitepe a panja ngati anthu olemera. Anzanga a ku depoti ya thonje kumene ndinkagwira ntchito ankandiseka kuti ndimagona m'mwamba ngati nkhanga, koma ine ndinkadziwa kuti ndi nsanje chabe.

Matabwawo anali ndi pakamwa. Ukaponda pakhomo ankati kwii, ukafika pakati ankati gudu, ndipo panali limodzi pafupi ndi windo limene linkalira kawiri, poponda ndi pochotsa phazi. Siling'i kunsi kwake kunalibe. Thabwa limene ife tinkapondalo ndilo linali denga la amene ali pansi, ndipo m'mipata yake munkadutsa fumbi, kuwala kwa nyali, ngakhale madzi mkazi wanga akamakolopa. Zimenezi sizinkatidetsa nkhawa, chifukwa pansi pathu pankagona matayala ndi machubu, ndipo tayala silidandaula.

Chaka chachiwiri, nyengo yozizira itangoyamba, apongozi anga aakazi anadwala. Ankakhala kumudzi kufupi ndi Vubwi, cha kumalire, ndipo anali atabayidwa ndi chitsa pa phazi pokumba nsawa. Kabala kakang'onong'ono, koma poti anali ndi matenda a shuga kanakana kupola, kanakula n'kuyamba kununkha. Titawatengera ku chipatala cha mishoni, dokotala sanabise mawu. Anati chilondacho chiyenera kutsukidwa m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo, ndipo akangobwerera kumudzi chisanatseke, ulendo wotsatira adzabwera kudzadulidwa mwendo.

Masitepe athu sakanatha kukwera. Ndinakapempha eni nyumba, mdala wina wosakonda kulankhula, ndipo anavomera kuti matayala asamukire kushopu, apongozi alowe m'kachipinda kaja. Tinasesa, tinapaka laimu, tinagula matilesi. Iwo anafika ndi kamtolo ka zovala ndi mphasa yawo yakale imene anasoka malemu amuna awo. Matilesi anangowayang'ana, n'kuyala mphasayo pambali pake. Ine ndinadziona ngati mkamwini wanzeru kuposa onse a m'boma la Katete. Sindinakweze maso kuona kuti denga la kachipindako ndi pansi pa chipinda chathu chogona.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, simudyera pamodzi, ndipo pa mphasa yawo sukhalapo, ngakhale kuiponda. Achinyamata a m'tauni amati ndi zachikale, mwina akunena zoona, koma ine ndinakulira momwemo ndipo sindinkaona ngati chidani. Ndi ulemu. Apongozi anga mwambowu ankausunga kwambiri. Tikafuna kulankhulana, ine ndinkaima panja pa chitseko, iwo ali m'kati atayang'ana kukhoma, mkazi wanga ali pakati ngati mlatho. Iwo ankati, "Uwauze akamwini," ine n'kuyankha kuti, "Uwauze amayi," chonsecho tikumvana bwinobwino.

M'mawa woyamba ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinavala nsapato zanga zakuntchito, n'kuponda. Kwii. Gudu. Ndili pakati pa chipinda ndinamva kachifuwa kakang'ono kuchokera kunsi kwa mapazi anga, ndipo ndinaima pomwepo. Ine, munthu amene sindinapondepo ngakhale mthunzi wawo, ndinali kuyenda pamutu pa apongozi ndi nsapato. Madzulo ake mkazi wanga anandiuza kuti fumbi linagwera m'phala lawo, iwo anangolichotsa ndi supuni.

Ndinayamba kuvula nsapato pansi pa masitepe. Sizinathandize, matabwa sasamala kuti wavala chiyani. Ndinayamba kuyenda chotsamira khoma, kumene matabwa anali olimbako, koma kuti ukafike pabedi unayenera kudutsa pakati basi. Mapeto ake ndinayamba kukwawa. Inde, munthu wandevu, wolemba matumba a thonje pa depoti, kukwawa m'nyumba ya lendi yake. Za bedi sindinena zambiri poti nkhani ino angawerenge ndi ana. Ndingoti nalonso linali ndi pakamwa, ndipo ine ndi mkazi wanga tinasanduka munthu ndi mlongo wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti apongozi omwewo ndi amene chaka chonse ankatumiza mawu ofunsa kuti mdzukulu ali kuti.

Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Tinayamba kukangana pa zinthu zopanda pake, za mchere, za sopo, ndipo tinkakangana monong'ona. Amene sanayesepo kukalipa monong'ona sadziwa kuti mkwiyo umabwerera m'mimba. Nawonso apongozi anali ndi njira zawo. Ndikangofika kuchokera kuntchito ankakweza wailesi mpaka kumapeto. Batire ikatha ankatuluka chotsimphina n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, mphepo ya mu Juni ikuwomba, phazi lomangidwa bandeji lili pafumbi. Aliyense ankathawa mnzake, ndipo aliyense ankaona kuti mnzakeyo akumuthawa.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza mkazi wanga atakhala pa sitepe yoyamba, maso ali psuu. Anangoloza ndi mutu. Pakhomo pa kachipinda kaja panali kamtolo komangidwa bwino m'chitenje, ndipo pambali pake mphasa itakulungidwa, yomangidwa ndi luzi, itatsamira khoma. Munthu wa kumudzi akakulunga mphasa safunika kukuuza kuti akupita.

Ndinaima panja pa chitseko, mkazi wanga anaima pakati.

"Uwauze akamwini kuti andisunga bwino, sindinasowe kanthu," anatero apongozi. "Koma Loweruka ndikwera minibasi."

"Uwafunse amayi kuti talakwa chiyani."

"Uwauze kuti sanalakwe. Olakwa ndi makutu angawa. Munthu wamkulu, mwini khomo, akuyenda ndi maondo m'nyumba mwake chifukwa cha ine. Ndimawamva maondowo. Akatsokomola ndimamva, akatembenuka ndimamva, mukamakangana monong'ona ndimamva. Ndipo zimene ziyenera kumveka m'nyumba ya anthu okwatirana ndikumva kuti kulibe. Kodi ine ndinabwera kudzachira kapena kudzapasula banja?"

Nkhope yanga inatentha ngati ndaiyandikiza pa mbaula. Mkazi wanga anaiwala ntchito yake ya mlatho n'kulankhula za iye mwini.

"Amama, nanga mwendo? Simunamve zimene ananena adokotala?"

"Ndinamva. Mwendo ndi wanga, banja ndi lanu."

Ndinati ndizikagona ku depoti pamodzi ndi alonda mpaka achire. Anayankha kuti zimenezo ndiye zoipa kuposa, anthu adzati mayi uja anathamangitsa mkamwini m'nyumba mwake. Ndinati tifune nyumba ina, koma nyengo yogula thonje ku Katete ngakhale khola la nkhuku limakhala ndi wolipira lendi. Pomaliza ndinati, "Uwauze amayi andipatse mpaka Loweruka lomwelo. Matabwawa ndiwatseka pakamwa." Sanavomere, sanakane. Mphasa inakhalabe chitsamire pakhomo.

Ndinakwiya usiku umenewo, ndipo ndinasowa womukwiyira. Apongozi sankachita matama. Ankaterodi kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndinadziwa kuti mayi ameneyu akhoza kupereka mwendo wake kuti ine ndiziyenda choimirira m'nyumba mwanga. Zinandiopsa kwambiri.

Kutacha ndinathamangira kumsika n'kugula kapeti ya pulasitiki, ija ya maluwa. Tinayala. Matabwa anapitiriza nyimbo yawo, kapeti n'kuwonjezerapo yakeyake, phwa phwa phwa. Ndipamene ndinakaitana kalipentala wina amene ankapanga mabenchi ndi mabokosi a maliro kuseri kwa msika, munthu wamfupi, wa pensulo kukhutu. Atangolowa m'chipindamo analumpha n'kutera ndi miyendo yonse pakati penipeni. Nyumba yonse inagwedezeka. Ndinatsala pang'ono kumumenya khofi, mwayi wake apongozi anali kuchipatala.

"Bosi, iyi si fuloo," anatero akuseka. "Iyi ni ng'oma ya gule. Imwe mugona pa chikumba, amene ali pansi ali mukati mwa ng'oma."

"Ndiye tichotse matabwa onsewa?"

"Awe, mukachosa muzagwera pa apongozi. Tizamanga akale na masikuluu aleke kuvina, tiyale vofewa pamwamba, elo tikhome mapulanga, matabwa anyowani, mopingasa. Ng'oma ukaifunditsa bulangeti siikamba."

Eni nyumba anavomera ndi mawu amodzi, akuti chilichonse chokhomedwa ndi msomali chidzatsala m'nyumba mwawo tikamadzasamuka. Zofewa zoyala pakati kalipentala ankafuna siponji ya ku Chipata, koma nthawi yoti tiidikire panalibe. Ndinakumbukira mulu wa matumba a thonje ong'ambika amene ankayembekezera kutenthedwa ku depoti, matumba aja okhuthala ngati chikopa. Ndinawapempha, n'kuwakweza pa ngolo ya ng'ombe ya mlimi wina amene anali atangotsitsa thonje lake. Anthu a m'misika anaima kuonerera ngolo ikutsitsa zinyalala pa fulati ya m'mwamba.

Tinasamutsira katundu m'chipinda chinacho n'kuyamba. Ine ndinkayenda pang'onopang'ono, thabwa likalira kalipentala n'kulilemba ndi khala, kenako n'kulimanga ndi sikuluu ku mtanda wa pansi. Ena ankatonthola, ena ankangosintha mawu. M'mipata tinkatsindiramo thonje lotsalira m'matumba muja ndi nsonga ya mpeni, ndipo ndinamva chisoni poona kukula kwa mipatayo, chala changa chinkalowa chonse. Pamwamba pake tinayala matumba, awiriawiri, kenako matabwa atsopano a bulugamu, onunkhira utomoni, mopingasana ndi akale aja. Pansi panakwera moti chitseko chinakana kutseguka, tinachita kuchizula n'kuchipala kunsi.

Tinkafuna kumakhoma nthawi imene apongozi ali kuchipatala, koma ntchito ya matabwa siyendera nthawi ya dokotala. Akabwerako ankapeza hamala ikulira pamutu pawo, ndipo ankapita kukakhala pansi pa mango paja atatifulatira. Ndikasuzumira pawindo ndinkaona msana wawo wokha ndi duku. Ndikatsika kukatenga thabwa ndinkayang'ana pakhomo pawo, mphasa ili pomwepo, luzi lake losamasulidwa.

Lachisanu masana matumba anatha. Panatsala kona imodzi, pafupi ndi windo, pamene panali thabwa lolira kawiri lija, pamenenso pankakhala kumutu kwa bedi lathu. Kunsi kwake ndi kumene apongozi ankagona. Ndinathamangira ku depoti n'kupeza otsala aja ali phulusa. Nditabwerera ndinatenga bulangeti lathu, kalipentala anati ndi lopyapyala, ndiponso tifunda chiyani mu Juni. Ndinavula jekete, iye anaseka mpaka pensulo inagwa. Tinayamba kukangana mokweza, poti tsopano ndinali nditatopa nako kunong'ona, ndipo mawu athu onse ankatsikira pa kona yosatsekayo.

Tili m'kati mokangana ndinamva mapazi pa masitepe. Anali mkazi wanga, atanyamula mphasa ija paphewa.

"Amama akuti muyale iyi."

Ndinabwerera m'mbuyo ngati wandilozetsa njoka. Kalipentala anaigwira, anaipinda pang'ono, bango n'kuchita tswa.

"Bosi, bango imakamba iyi. Siizathandiza kwenikweni."

Ine za kulira kwa bango sindinkaziganiza n'komwe. Ndinatsika masitepe, mkazi wanga ali pambuyo, n'kukaima pamalo panga pa masiku onse, panja pa chitseko. Apongozi anali atalowa m'nyumba.

"Uwauze amayi kuti tathokoza, koma sizingatheke. Mphasa yawo ine sindingaiponde. Ndiponso ndi ya malemu."

Apongozi anayankha, ndipo sanayambe ndi mawu aja akuti uwauze.

"Akamwini."

Chikwatirire mwana wawo, apongozi anali asanandiitanepo maso ndi maso, ngakhale kuti apanso maso anali kukhoma. Ndinagwada pomwepo pafumbi.

"Wawa, amayi."

"Ikalowa pansi pa matabwa, inu mudzaponda matabwa. Ndakuonani masiku onsewa, manja anu atupa. Kaiyaleni, ndipo mukhomere misomali yambiri kuti isadzatulukenso."

Mkazi wanga anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Ine zinanditengera kanthawi kuti ndimvetse. Mayi amene sanagonepo pa chinthu china chiyambire umasiye, amene ngakhale ku maliro ankapita ndi mphasa yakeyo, sakanakwera minibasi n'kuisiya itakhomeredwa m'nyumba ya eni. Ulendo wa Loweruka unathera pamenepo.

Ndinaiyala ndekha, ndi manja awiri, nditagwada pa matabwa atsopano kuti phazi lisaikhudze. Tinaipinda pawiri kuti ikwane pakonapo. Kalipentala sanachitenso nthabwala, anangondipatsa hamala kuti thabwa lomaliza ndikhome ine. Ndinakhoma misomali yambiri kuposa imene inkafunika.

Kenako tinayesa. Mkazi wanga anatsika kukakhala ndi mayi ake, ine ndinavala nsapato zakuntchito zija n'kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pawindo. M'makutu mwanga munkamveka bwino, phokoso linali litachepadi. Mkazi wanga anatulukira panja n'kukuwa.

"Akuti kodi mwayamba kuyenda?"

Ndinayenda mwamphamvu, ndinatsokomola, ndinakhala pabedi modzigwetsa.

"Akuti kuli zii, sakumva kanthu!"

Ndinamukumbatira kalipentala uja, utuchi ndi thukuta zonse. Madzulo amenewo kamtolo kanamasulidwa, ndipo apongozi anagona pa matilesi koyamba. M'mawa mwake anadandaula kuti msana ukuwawa, akuti zofewa ndi za anthu aulesi, koma kuchipatala anapita.

Miyezi inadutsa. Wailesi inasiya kukwezedwa, pansi pa mango panasanduka pongopumulira masana. Ine ndinayambanso kuyenda ngati mwini khomo, ndipo m'nyumba mwathu munabwerera zonse zimene zinachokamo. Chilonda chinayamba kufota m'mbali, nyama yatsopano ikubwera yofiirira, ndipo anamwino ankawatcha apongozi munthu wosajomba.

Tsiku lina m'mawa, kutentha kwa Okutobala kutayamba, mkazi wanga anandiuza kuti babu ya magetsi ya m'chipinda cha amayi yapsa. Iwo anali atapita kuchipatala pa njinga ya hayala, choncho ndinatenga mpata umenewo kulowamo, koyamba chilowereni iwo. Ndinakwera pampando, babu ili m'manja. Pamwamba mkazi wanga anayamba kusesa.

Ndinamva zonse. Phokoso linali litachepa ndithu, kwii uja kunalibe, fumbi silinkagwa, mapazi ankamveka ngati a munthu woyenda pamchenga. Koma ankamveka. Ndinamva akuchoka pakhomo, akuima, akusuntha mpando. Ndinamva kanyimbo ka kutchalitchi kamene ankang'ung'udza. Atakhala pabedi kuti apinde zovala ndinamva, ndipo pa kona ija bango linayankha pansipansi kuti tswa, monga ananenera kalipentala. Ndinaima pampandopo nthawi yaitali, babu ili m'manja, manyazi ndi chisoni zitandigwira.

Nditakwera ndinamuuza mkazi wanga kuti pansi pamamveka chilichonse. Sanadabwe, sanasiyenso kupinda zovala.

"Ndikudziwa. Tsiku loyesa lija ndinali pomwepo, ndinkakumvani mukudumpha ngati mbuzi."

"Nanga bwanji unanama?"

"Sindinaname ine, ndinangonena zimene anandituma. Anati akamwini agwira ntchito yoti ine ndisamve, ndiye sindikumva." Anandiyang'ana. "Ndipo inu musawaonetse kuti mwadziwa. Mukangoyambanso kukwawa, mawa lomwe amanga kamtolo."

Sindinakwawenso. Kunena zoona, kuyenda mwamphamvu pamutu pawo ndikudziwa kuti akumva kunali kovuta kuposa kukwawa kuja, koma ndinkayenda, poti ndi ntchito imene anandipatsa. Iwo ankagwira yawo pansi, ine yanga pamwamba. Pa kona ija pokha sindinapondepo mpaka tsiku limene tinasamuka m'nyumbamo. Ndikafuna kutsegula windo ndinkachita kutambasula dzanja ndili patali, ndipo mkazi wanga ankandiseka nthawi zonse.

Mvula yoyamba itagwa, dokotala anachotsa bandeji komaliza n'kunena kuti akhoza kupita. Apongozi anali atayamba kale kudandaula za mbewu ya nsawa, kuti ana a kumudzi aibzala mothithikana. Mkazi wanga panthawiyo anali atayamba kudana ndi fungo la nsomba za kapenta, ndipo mayi ake ankangomuyang'ana n'kumamwetulira osafunsa kanthu. Tinawaperekeza pokwerera minibasi, ine ndili kumbuyo ndi kamtolo kawo. Kondakitala akukuwa kuitana anthu a ku Chipata, iwo anaima pakhomo pa galimoto atandifulatira.

"Uwauze akamwini kuti nyumba yawo ndi yabata. Ndinagona tulo tabwino."

Ndinayang'ana pansi.

"Uwauze amayi kuti tinapeza kalipentala waluso."

Anagwedeza mutu, anakana dzanja la kondakitala, ndipo anakwera okha ndi miyendo yawo yonse iwiri, opanda mphasa.